Gitala Yotola Mauthenga Achisoni

Chaka chimene bambo anga anayamba kudwala kumudzi ku Dowa ndi chomwecho ndinagula gitala yamagetsi. Ndinkaimba m'bandi ya kwaya kutchalitchi kwathu ku Kawale, ndipo yobwereka inali itandikwana. Mwini wake ankandiyang'ana zala ngati ndimubera nsambo. Kumudziko ndinkangoti ndipita mwezi wamawa. Foni ya mlongo wanga, amene ankawasamala, inkakhala yozima masiku ambiri, ndipo ikayaka bambowo ankangoti, "Ndili bwino, usataye ntchito."

M'sitolo ya m'tauni munali magitala onyezimira otchipa, okhota khosi asanaimbidwe n'komwe, ndi ena opachikidwa pamwamba, oti munthu wonga ine n'kungowapatsa moni. Ndinatenga yapakatikati, yakuda, ya khosi lowongoka, yosacheka zala. Vuto lake linali mawu. Inkalira mopyapyala ngati yagona ndi njala. Anzanga anati ndisinthe mapikapu, timaginito tokhala pansi pa nsambo, totola mawu n'kuwatumiza ku ampulifaya, bokosi lokweza mawu.

Ku Biwi kunali mkulu wina wokonza mawailesi, m'kashopu kopanikizana pakati pa magalaja. Anatulutsa mapikapu awiri m'chitini cha mabawuti, achikasu ndi ukalamba.

"Achokera kuti amenewa?" ndinafunsa.

"Gitala yake inathyoka. Mwini wake sanabwerenso. Mukufuna saundi kapena mbiri, bwana?"

Anawotcherera mawaya ndikuona, utsi wa mtovu ukundilowa m'mphuno. Titayesa, gitala inalira mokhuta, mpaka amakanika panja anasiya kugogoda. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu.

Chinthu chinayamba masana ena kukuchita mdima wa mvula. Ndinalumikiza gitala pabalaza, mkazi wanga akusita pakona. Nditachotsa dzanja pa nsambo kuti ndimwe madzi, mu ampulifaya munamveka kulira kwa njuchi, ndipo pansi pa kulirako munali mawu a munthu wamwamuna, akuwerenga pang'onopang'ono. Aliyense wokulira m'dziko muno amawadziwa mawerengedwe amenewo. Anali mauthenga achisoni, aja a pawailesi oti akuti amwalira, maliro ali kwakuti. Kwathu akayamba, ngakhale mwana ankasiya kutafuna.

Ndinagwira nsambo, mawu anazima. Ndinasiya, anabwerera.

Ndinathamangira ku Biwi m'mawa mwake nditakwiya. Mkulu uja anaseka. "Ndi efi imeneyo, waya woletsa phokoso uja sanagwire bwino. Mapikapu akale amatola siteshoni. Musaope, palibe zamatsenga." Anawotchereranso, ndipo m'shopu mwake gitala inali chete ngati mwana wolakwa. Kunyumba mawu aja anabwerera, ndipo nthawi zonse anali a maliro. Mpira ayi, nyimbo ayi. Mayina sankamveka bwino, ankangomveka maboma, Ntcheu, Mchinji, Kasungu. Ndinayamba kuimba osachotsa dzanja pa nsambo, ndipo ndikamaliza ndinkafulumira kuzimitsa.

Tsiku lina Loweruka masana nsambo inamasuka, ndinasiya kuti ndiikunge. Mawu aja anati Dowa. Kenako anatchula mfumu yathu yaikulu, kenako mudzi wathu, momveka ngati munthuyo wakhala pampando pomwepo. Ndinamenya dzanja pa nsambo. Zii.

Ndinakhala choncho, dzanja lili pa nsambo. Ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Mkazi wanga anayatsa wailesi ya pafoni yake n'kuyendayenda masiteshoni onse. Kwina mpira, kwina ulaliki, kwina nyimbo. Za maliro kunalibe. Anaimbira mlongo wanga, foni yozima.

"Chotsani dzanjalo timve," anatero.

"Sindichotsa."

"Ndiye mukhala mutagwira mpaka liti, bambo a mwana?"

Sindinachotse. Ndinamuuza azule waya kukhoma, ndipo ndinanyamula kachikwama n'kupita kudepoti.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka, ndikutchera khutu kuti ndimve kulira. Panjira panalibe masamba oyala osonyeza maliro. Ana ankasewera mpira wachikulunga. Mlongo wanga anatuluka ndi ndowa, nadabwa kundiona. Palibe anamwalira m'mudzimo sabata imeneyo, ndipo palibe anatumiza uthenga kuwailesi.

Bambo anali pakhonde, atatsamira khoma, atafunda bulangeti kukutentha. Anali atatha moti ndinayamba kuzindikira chipewa chawo ndisanazindikire nkhope. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja. Sanafunse chimene chandibweretsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali mbee.

"Wafulumira pang'ono," anatero. "Koma khala. Usavutike kuyenda kawiri."

Ndinakhala. Tinawaika m'manda sabata isanathe.