Mawu a malemu m'kasipika kopanda masikuluu

Malemu amuna anga anandichenjeza kalekale, tikadali ndi wailesi ya mabatire anayi. Anati, "Mayi, chinthu chikawonongeka osamusiyira wokonza n'kubwerako. Amachotsamo chatsopano n'kuikamo chakale, inu n'kumuthokozanso." Iwo ankagwira ntchito yaulonda pafakitale ina ku Makata, ndiye kuba kwa anthu ankakudziwa. Wailesi isanapite kokonzetsa ankayamba aitsegula okha, n'kudontheza penti wofiira pa kachitsulo kalikonse ka mkati. Ikabwerako ankaitsegulanso kuti aone ngati madontho onse alipo.

Atamwalira, mwana wanga wamkazi amene ali ku Joni ananditumizira kasipika kakuda kopanda waya, kokula ngati theka la buledi. M'mbali mwake munali kabowo kolowetsamo memori khadi, kakhadi kochepa ngati chikhadabo. M'kakhadimo munali bambo ake. Anawajambula pafoni chaka chimene anayamba kudwala, akuimba nyimbo za Lenti m'Chisena monga ankaimbira kukwaya kwathu ku Nsanje. Foniyo anadzamubera komweko ku Joni, ndiye mawu a amuna anga anatsala pamalo amodzi okha padziko lino.

Kuno ku Ndirande nyumba n'zogundana, ndipo loko ya pakhomo panga sindiikhulupirira. Ndikamachoka ndinkachotsa kakhadi kaja n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. Ndinkati sipika abe, koma bambo ayi. Tsiku lina ndikuchokera ku Misa ya m'mawa ndinafuna kukabwezera, magalasi ndili nditawasiya m'chikwama. Ndinakankha ndi chala, kakhadi n'kulowa mosavuta kuposa masiku onse. Ndinali nditaphonya bowo. Kanadutsa pa kampata ka pamwamba pake n'kugwera mkati. Nditagwedeza sipika ndinakamva kakuti tseketseke.

Ndinafunafuna masikuluu mbali zonse. Ndinamatula timphira ta kunsi, ndinakanda pepala lomatidwa kumbuyo, koma panalibe ngakhale imodzi. Chinthucho chinali chotsekeka ngati dzira. Penti wa malemu ndikanamudontheza pati?

Ndinapita kumsika, kuseri kwa ogulitsa nsapato za kaunjika, kumene kuli bambo wina wokonza mafoni ndi mawailesi m'kontena. Anali wamkulu ndithu, imvi zitayamba m'ndevu. Anaitembenuza sipika ija kawiri, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu.

"Isiyeni agogo, mubwere mawa."

"Mawalo mudzandipeza pomwe pano pa benchi."

"Kodi mumationa ngati mbava eti?"

"Sindinakuoneni mukuba. Ndakhala pano kuti ndisakuoneni."

Mayi wa saluni ya pafupi, amene ankamva zonsezi ali pakhomo pake, anaseka mpaka kugwira khoma. Wokonzayo sanaseke. Anandifotokozera kuti zinthu za masiku ano amazimata ndi guluu, ndipo mkati muli timano ta pulasitiki togwirana. Kutsegula kwake n'kukanula basi, ndipo mpeni umalowa osaona chimene chili kutsogolo kwake.

"Ukakakhudza kakhadi?" ndinafunsa.

"Ndiye kuti kathera pomwepo. N'chifukwa chake ndimafuna kugwira ndili ndekha, popanda wondipumira m'khosi."

Sindinasunthe. Anabwereka chowumitsira tsitsi kwa mayi uja kuti afewetse guluu. Mpweya wotentha utayamba kuwomba ndinaimirira.

"Musungunula kakhadi inu!"

"Agogo, khalani pansi. Kapena gwedezani nokha kuti katsikire kunsi, ine nditenthetse kumwamba."

Ndinagwedeza, ndinakamva kakugwera kunsi, ndipo ndinamubwezera sipikayo. Anatenga kampeni kopyapyala, kosongoledwa kuchokera ku sowo yodulira zitsulo, n'kukalowetsa mu mzere wa pakati. Dzino loyamba linati thwa. Anasuntha mpeni pang'ono, lachiwiri thwa. Kunja wogulitsa nsapato ankakuwa, minibasi zikuitanira anthu a m'tauni, koma ine ndinkangomva kupuma kwa munthu uja. Mpeni unkatsika pang'onopang'ono kulowera kunsi, komwe ndinagwetsera kakhadi.

Dzino lachitatu silinalire ngati anzake. Linati khwaa, ngati nkhuni yothyoka. Sindikudziwa kuti dzanja langa linafika bwanji pamenepo, koma ndinamugwira pamkono n'kukoka. Mpeni unaterereka n'kulowa wonse mkati.

Ngakhale mayi wa saluni anasiya kuseka.

"Mwaona zimene mwachita?" anatero wokonza uja motsitsa mawu.

Anasolola mpeni. Chikuto cha sipika chinali chitang'ambika mpaka pakona. Anagwedeza sipika, koma tseketseke uja sanamvekenso. Anamaliza kukanula ndi zala, timano totsala tikuthyoka, mpaka mbali ziwiri zinalekana. Ndinaona batire la buluu, kabolodi kobiriwira, ndi waya wofiira wodukiratu. Kakhadi panalibe. Anagubuduza zonse pa nsalu yoyera n'kugogoda. Panagwa fumbi ndi nyerere yakufa.

Mawu a malemu anandibwerera nthawi yomweyo. Ndinayang'ana manja ake, ndinayang'ana manja a malaya ake.

"Tambasulani zala," ndinatero.

"Agogo!" anakuwa mayi wa saluni.

"Ndati tambasulani."

Anatambasula. Anapinda malaya mpaka m'zigongono, anatulutsa matumba a thalauza kunja, anatsegulanso pakamwa kuti ndione pansi pa lilime. Maso ake anali ofiira. "Nsapato ndivulenso?"

Ndinavala magalasi n'kuweramira pa chikuto chija, ndipo m'mphepete mwake ndinaona kanthu kakunyezimira. Kakhadi kanali katamatirira mu guluu wofewa uja, chagada. Pambali pake penipeni panali mzere woyera pamene nsonga ya mpeni inakanda. Pakati pa mzerewo ndi kakhadi sipakanakwana njere ya mpunga.

Anakachotsa ndi kachitsulo kopanira, anakapukuta ndi sipiriti, kenako anawotcherera waya uja osandiyang'ana. Kulowetsa kakhadi analowetsa yekha, ine ndinalibenso mphamvu yokana. Anadina batani. Kagetsi kanayaka, koma mawu ayi. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenako kunamveka chifuwa. Amuna anga ankayamba ndi kutsokomola kawiri asanaimbe. Anatsokomola kawiri pakati pa msika wa Ndirande, n'kuyamba nyimbo.

Ndinafuna kupepesa, koma ndinangoyang'ana sipika. Wokonza uja anamvetsera ndime yonse, kenako anati, "Agogo, tikhadi timeneti timafa tokha, popanda wokuberani. Bwerani nako ndikopere mawuwa m'kompyuta, akhale pawiri."

"Amuna anga sangagone m'kompyuta ya munthu amene sindikumudziwa."

Anangopukusa mutu. Chikuto sichikanatsekekanso chifukwa timano tonse tinathyoka, ndiye anachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Mpaka lero chili chomwecho.

Kuyambira tsiku limenelo kakhadi sindinakachotsenso. Ndikamapita kutchalitchi ndimanyamula sipika yonse m'chikwama. Mwana wanga akaimba foni amanena zomwe ananena wokonza uja, kuti ndikakopetse. Kawiri konse ndafika pa ogulitsa nsapato aja, ndaiona kontena, n'kubwerera. Sindikudziwa ngati chimandibweza n'chenjezo la malemu kapena matumba aja otulutsidwa kunja.

Tsopano ndimakhala ndekha, ndipo miyendo yayamba kukana. M'mawa uliwonse ndimaika sipika pawindo, bambo n'kumaimba mpaka batire litatha. Inu amene mumadutsa kanjira ka kumpopi, mukamva Chisena chikutuluka m'nyumba ya chitseko chobiriwira, pitirirani, ndili bwino. Koma tsiku limene mudzapeze kuli zii, chonde imani mugogode. Sindidzatsegula msanga, ndipo ndidzakufunsani kuti ndinu ndani, mwina katatu. Musakhumudwe n'kuchoka. Dikirani mpaka mutamva mawu anga.