Nyumba Yopanda Msomali ya a Annette

Apongozi anga a Annette anandimenya kamodzi kokha, ndipo mlandu wake unali msomali. Ndinali nditangobereka Tiyamike, ndikufuna pomangirira neti ya udzudzu. Ndinatenga msomali ndi mwala n'kuyamba kukhoma pa nsanamira ya kuchipinda kwathu. Sindinawamve polowa. Ndinangomva khofi la pakhutu, mwala uja n'kugwa.

"Nyumba ino yatha zaka zoposa zana osalawa msomali. Uyambe ndiwe, make Tiya?"

Anauzula ndi pulayala, pabowopo n'kumatapo phula la njuchi. Atatero anandimangirira netiyo ndi chingwe pa mtanda, n'kupita kukandiphikira phala. Ndi mmene alili munthuyu.

Nyumbayo ili pachitunda, kumtunda kwa Khuyu. Akuti anamanga ndi amishoni akale kuti azipumulirako malungo akawagwira. Siili ngati nyumba zathu zimene njerwa ndizo zimasenza denga. Iyi imaima ndi mitengo. Nsanamira zake ndi za mlombwa, zakuda bii, zokhala pa miyala kuti chiswe chisakwere msanga. Pamwamba pake padutsa mitanda. Paliponse pamene mtengo wakumana ndi unzake, wina anausema lilime, winawo anauboola, n'kuilowetsana, kenako n'kukhomapo chikhomo cha mtengo chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. Njerwa zimangotseka mipata, zopakidwa laimu. Munthu akamaiona ali panyanja imaoneka ngati nsalu yoyera ya mizere yakuda. Pangodya iliyonse pali michirikizo iwiri yopindika ngati uta, yochoka pa nsanamira kukagwira mtanda. Palibe anaipinda, inamera choncho ku nkhalango za tsidya la nyanja, ku Cobue, poti kuno kwathu mitengo ndi milambe ndi mango basi.

A Annette anabadwira m'kachipinda ka kuseri, bambo awo ndiwo anali osamala nyumbayo. Amishoni atasiya kubwerako, banja linangotsala momwemo. Chimene bambo awo anawasiyira ndi nyundo ya mtengo, yolemera, mutu wake wosalala chifukwa cha ntchito. Nthawi ya dzuwa zikhomo zimauma n'kuyamba kugwedera, ndiye iwo amazungulira nyumba yonse pa makwerero, kukhoma chimodzichimodzi. Akatha amapaka nsanamira oyilo wakuda amene amapempha kwa eni mainjini a maboti.

Amuna awo, a Matias a ku Cobue, ine sindinawapeze. Pa Khuyu aliyense amaidziwa nkhani yake. Tsiku lina nkhuni zitasowa anazula chitseko cha pazenera kuti awambire nsomba. A Annette anawagulula mano awiri ndi nyundo ija. A Matias anakwera bwato ndi magazi ali chuchuchu, sanabwerenso. Eston, amene ndi mwamuna wanga, anali akukwawa.

Kenako kunabwera anthu a boma oona za zinthu zakale. Anajambula, anayeza, n'kuimika chikwangwani panjira chonena kuti nyumbayi ndi yotetezedwa, isagwetsedwe kapena kusinthidwa. Sanasiye ngakhale chitini cha penti. Koma a Annette chikwangwanicho amachipukuta ndi nsalu yonyowa ngati nkhope ya mwana.

Chaka chatha mwera unaponya boti la Eston pa miyala, nthiti ziwiri za kutsogolo n'kuthyoka. Nthiti ya boti imafuna mtengo womera wopindika kale, chifukwa thabwa lowongoka ukalicheka mokhota limathyoka ndi funde loyamba. Eston anafunsa kwa amalonda a tsidya, sanaupeze. Usipa unali ukugwidwa, anzake akubwera odzaza, iye ali khale pamchenga.

Ndiye anabwera ndi a Hector, mmisiri wa maboti wa ku Mbungo. Ndinawapatsa tiyi pakhonde. Ndinaona kuti sakuyang'ana kapu, maso ali m'mwamba pangodya.

"Izi n'zokongoletsa chabe, Eston," anatero a Hector. "Nyumba imaima ndi nsanamira. Mzungu ankangofuna kuti pazioneka bwino. Koma taona kupindika kwake. Ngati anayeza boti lako."

Eston anawapempha amayi ake akusenda chinangwa.

"Michirikizo iwiri yokha, amayi. Ilipo yambiri."

"Dzanja limene ukhudzire ndilo ndidzathyole."

"Nanga mdzukulu wanuyu azidya chikwangwani?"

"Bambo ako anafunsa zomwezo. Pita ukawafunse amatafunira mbali iti."

Lachinayi a Annette anavala yunifolomu n'kupita ku msonkhano wa amayi a mpingo ku Chipyela. Asanafike n'komwe patali, a Hector anatulukira ndi chitsulo ndi hamala. Anasankha ngodya ya kumwera, ya chipinda chathu, poti siioneka kunjira. Ine ndinaima pakhomo mwana ali kumsana. Sindine wolankhula pa anthu, koma ndinayesa.

"Bambo a Tiya, paja amayi anati..."

Eston anandikankha ndi chigongono, ndinagunda mphuthu ya chitseko ndi phewa. "Iwe ndi wa amayi kapena wanga?"

Anakhoma zikhomo kuchokera kuseri mpaka zinathothoka. Mchirikizo woyamba unakana, anautekenya ndi chitsulo. Utatuluka, nyumba inalira. Si kulira kwakukulu, kunali ngati munthu wokalamba akudzuka pamphasa. A Hector anaseka, nati, "Wamva? Ikuthokoza, taipeputsa." Anasenza iwiriyo n'kutsetsereka.

Masana mwera unayamba. Chitseko chathu, chimene chinkatsekeka ndi chala chimodzi, chinakana. Pa nsalu ya mwana panagwa mchenga woyera. Ndinayang'ana khoma, ndinaona mng'alu pakati pa njerwa ndi nsanamira, dzuwa likulowerapo. Ndinamunyamula Tiyamike pabedi n'kutuluka. Ndisanatsike pakhonde, njerwa zonse za mpatawo zinagwera m'kati, pabedi pomwepo. Neti ija inakwiririka.

A Annette anatipeza pansi pa mango, fumbi lisanathe. Sanafunse za ine. Anamutenga mwana, anamufunyulula, anamutembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera. Kenako anayang'ana mabowo opanda kanthu pa nsanamira.

"Ili kuti?"

"Ku Mbungo, kwa a Hector." Aka kanali koyamba kumuneneza mwamuna wanga.

Anachirikiza ngodyayo ndi misi ndi nkhafi zobwereka, koma mphepo ikawomba nsanamira inkaoneka ikuweramira m'kati. Tinagona kwa aneba. Kutacha anatenga nyundo ndi nkhwangwa, ine pambuyo ndi mwana.

Tinawapeza pamchenga dzuwa litakwera, asodzi akusoka makoka pafupi. Mchirikizo umodzi unali utalowa kale m'boti, wokhomedwa misomali ikuluikulu. Winawo unali pansi, a Hector ataucheka lilime. A Annette sanapereke moni. Nkhwangwa inagwa pa thabwa la boti, thabwa n'kung'ambika.

"Mayi, mwapenga?" A Hector anawagwira mkono. A Annette anasolola nyundo m'chitenje ndi dzanja linalo n'kuwamenya pa bondo. Ndinamva kuti phwa. A Hector anagwa chagada akukuwa ngati mbuzi.

Eston anathamanga kuchokera kumadzi. "Amayi, siyani boti langa."

"Njerwa zagwera pogona mwana wako," anatero a Annette.

Sindikudziwa ngati anamva. Nkhwangwa inali itakweranso, ndipo iye anawamenya chibakera pa diso. Mayi ake omubereka. Anagwa chammbali, mpango n'kuvuka, magazi akutsika pa tsaya. Asodzi awiri anamugwira Eston n'kumupanikiza pamchenga, wina akumuponda pakhosi, akumutukwana. Iye sanalimbane nawo, ankangoyang'ana dzanja lake.

A Annette anadzuka ndi mawondo, anatola nkhwangwa. Palibe anawaletsa. Anadula matabwa mbali iyi ndi mbali iyo ya nthitiyo, pang'onopang'ono, akupukuta magazi ndi phewa, mpaka kutsogolo kwa boti kunatseguka ngati nsomba yotumbula. Anasenza mchirikizowo, zidutswa za matabwa zikulendewera ku misomali. Wodulidwa uja anandilozera ine. Ndinausenza, mwana ali kumsana, ndipo podutsa pamene anagona Eston sindinayang'ane pansi.

Wathunthu uja unabwerera pamalo pake. Amuna a mpingo anakoka nsanamira ndi chingwe cha khoka mpaka lilime linalowa, a Annette n'kukhoma chikhomo. Mabowo a misomali anawamata phula. Wodulidwawo sufika. Anaumangirira ndi chingwe pomwe unkakhala, koma sugwira kanthu, ndipo nyumba inatsala yopendekera pang'ono. Chitseko chathu chimakhula pansi mpaka lero. Njerwa tinazibwezera tokha awiri, ine kuponda dothi.

Eston anawoloka kupita kwa bambo ake ku Cobue. Nthawi zina amatumiza usipa wouma kudzera mwa amalonda, wopanda uthenga. A Annette amaulandira, amauphika, koma iwo sadyako. A Hector amayenda chotsimphina, akationa pamsika ku Chipyela amalavula.

Diso la a Annette lija silinachire, linachita mtambo. Chaka chino dzuwa litayamba, anakwera makwerero monga mwa nthawi zonse, koma anaphonya chikhomo kawiri, kachitatu n'kutswa laimu wa pakhoma. Anatsika, anakhala pa mwala nthawi yaitali. Kenako anandiitana n'kundilanda mwana.

"Kwera, make Tiya. Usamenye ngati ukupha njoka. Umve kaye mmene chikulirira."

Nyundoyo ndi yolemera kuposa mmene imaonekera. Ndinayambira pangodya ya kumwera.