Ulendo wokafunsa za Jailosi

Izi ndinakhala zaka zambiri osauzapo munthu, ngakhale abusa. Ndazilemba chifukwa dzanja langa, limene linaphunzira zilembo kusukulu ya kwacha ndili kale ndi imvi, lilibe manyazi ngati pakamwa.

Mwana wanga Jailosi ndi bambo wandevu tsopano, koma sanalankhulepo chibadwire. Amayi ake ali ndi pakati pa iyeyo, ine ndikugwira ntchito yodulira tiyi, ndinayenda ndi mkazi wina. Kwathu amati bambo akatero amasempha mwana. Palibe anandiloza chala poti palibe ankadziwa. Ndinadziloza ndekha zaka zonsezi.

Tsono nditamva kuti Esinala, mdzukulu wa mchemwali wanga, akufufuza za ubongo wa makanda ku Blantyre, ndinanyamuka Lachiwiri 6 koloko m'mawa. Kunyumba ndinati ndikukaonetsa maso. Kabaza kuchoka pa Likhubula kufika pa Chitakale anali K2,000, minibasi ya ku Limbe K8,000. Kondakitala anandiika kutsogolo, ati ulemu kwa madala, kenako n'kundisanjika thumba la chinanazi pamiyendo.

Pa Chonde tinaima theka la ola kudikira anthu amene kondakitala ankalumbira kuti akubwera. Ndinagula chinangwa chophika n'kugawirako mayi wina wogulitsa zitenje. Atamva kuti ndikupita kwa madokotala anandilangiza kuti pa msinkhu wangawu ndisamawauze zonse, angandigoneke.

Cha m'ma 11 Esinala anandichingamira ku Limbe n'kupita nane kuntchito kwake, m'chipinda chozizira ngati pamwamba pa phiri mu Juni. Pakompyuta anandionetsa tinthu tobiriwira ta miyendo yambiri ngati akangaude. Anati n'tiasilikali ta m'ubongo, ndipo zithunzizo zinali za ubongo wa mbewa. Ndinaseka kuti ndiwo zathu zafika kuyunivesite ife eni tisanafike. Anafotokoza kuti timeneti sitimangolimbana ndi matenda ayi: mwana akamakula, m'mimba komanso atabadwa, timadulira timitsempha tochulukitsa kuti totsalato tigwire bwino ntchito. Apo ndinamva msanga. Tiyi wosadulira amasanduka tchire, ndipo ukapyoletsa mpeni saphuka bwino.

Ndiye ndinamuuza zonse, maso ali pansi. Sanadzidzimuke. Anandifunsa mosapsatira ngati ndinabweretsa matenda m'nyumba. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati agogo ake aakazi, amayi a Jailosi, anadwala ali oyembekezera, ndipo ndinakumbukira malungo amene anawagoneka masabata awiri.

"Agogo, sindinganene kuti ndi malungowo, zimenezo tikufufuzabe," anatero. "Koma zimene munachitazo zilibe njira yolowera m'ubongo wa mwana. Munalakwira agogo aakazi. Amalume anga a Jailosi simunawachite kanthu."

"Ukunena zoona, kapena ukungotonthoza nkhalamba?"

"Ndikanafuna kukutonthozani ndikanati simunalakwire aliyense."

Anandigulira chipisi cha mazira, ndipo ndinadya ngati mnyamata. Pobwerera ndinakhala kumbuyo, pawindo. Phiri la kwathu linaonekera cha m'ma 4, lopanda mtambo. Ndinaona kuti ndakhala ndikupepesa mumtima kwa munthu amene sindinamulakwire, pamene mwini mlandu ndimadya naye mbale imodzi tsiku ndi tsiku. Mlandu umenewo sunandiopse monga woyamba uja, poti mwini wake ali moyo ndipo amatha kuyankha.

M'mawa mwake ndinawapeza amayi a Jailosi akupeta nandolo kuseri kwa nyumba. Ndinakoka kampando, ndinakhala pambali pawo, n'kuwapempha kuti ayambe aika lichero pansi.