Lichero la Nyika ku Tengani

Ife olemba nkhani zopeka tili ndi nthenda imodzi: mutu ukauma timanamizira malo. Chaka chimenecho ine ndinkanamizira Blantyre. Ndinkati tauni ino ndaikama yatha, pakufunika dera lachilendo loti maso akadzidzimuke. Choncho mnzanga wa kuntchito atati akupita kwawo ku Tengani, m'boma la Nsanje, sindinadikire kuitanidwa kawiri.

Mlongo wake anali atafunsiridwa, ndipo akuchimuna ankabwera kudzaona pakhomo. Tili m'minibasi, tikutsetsereka mapiri kulowera ku Chikwawa, anandiuza mosabisa.

"Amwene, anthu amenewa ali ndi ng'ombe zodzadza khola. Kwathu madzi anakokolola mapira onse, koma iwo asadziwe kuti zativuta. Akanunkhiza njala, ati tikuwatula mwana kuti azitidyetsa, ukwati n'kuthera pomwepo. Iwe ungovala jekete lakolo, uzimwetulira."

Ndinavomera, koma maganizo anali kunja kwa windo. Minda ya nzimbe yosaoneka mapeto, milambe, munthu atakweza mbuzi panjinga ngati mwana wa sukulu. Chilichonse ndinkati nkhani ndi imeneyi!

Pakhomo sipankaoneka vuto. Bwalo linali loseseka, mipando anabwereka kutchalitchi, mbuzi inali itaphedwa, mpunga uli pamoto. Mayi a mnzangayo anandipatsa moni atagwada, ine n'kudzimva bwana.

Alendo atakhala pansi pa mtengo wa nimu, zokambirana zinatalika, theka m'Chisena chomwe sindimva. Thukuta linkayenderera m'jekete. Ndinanyamuka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kuyamba kusuzumira uku ndi uku, paja ndinabwerera zomwezo. Kuseri kwa khitchini ndinapeza lichero lofunditsidwa chitenje. Munthu wolongosoka akanapitirira. Ine ndinavundukula.

Munali tinthu takuda, tozungulira, tamatope. Ndinatizindikira chifukwa ndinationapo m'nyuzipepala. Zinali nyika, mizu ya maluwa a m'madzi yomwe anthu a kuchigwa amakazula kudambo, komwe kuli ng'ona, chakudya chikatheratu m'nyumba. Ndinene zoona, chisoni sichinandigwire. Ndinasangalala. Ndinaona kale nkhani yanga itasindikizidwa.

Ndinatapa m'manja n'kubwerera kubwalo kuti ndikamufunse mnzanga. Mawu anga ndi aakulu chibadwire.

"Amwene, izi si nyika zija? Zadzadza lichero kuseriku! Mumaphika bwanji? Ndikufuna ndilaweko."

Bambo a mnzanga anayang'ana pansi. Mlongo wake, amene ankathira madzi osamba m'manja, anaima ndi jagi m'mwamba. Apo m'pamene mawu a m'minibasi aja anandifika m'mutu, mochedwa.

Mayi aja ndiwo anaseka, kuseka kokoma ndithu. "Aa, alendo a m'tauni! Ndi pya nkhumba ipyo, baba. Pano sitidya zimenezo."

Azakhali a mnyamata, mayi wa maso akuthwa amene ankatsogolera alendowo, anayang'ana m'manja mwangamo, kenaka dzuwa. "Ndiye mwazichedwetsatu nkhumbazo, mai. Dzuwa lapendeka, kodi sizilira njala?"

Mayi a mnzanga ananyamuka. Anapita kuseri, n'kutulukira atasenza lichero lija. Anadutsa nalo pamaso pa aliyense mpaka pakhola, n'kukhuthuliramo lonse. Nkhumba ziwiri zinalimbirana, zikulira mokondwa. Mayiwo anakutumula lichero kuti pasatsale kanthu, n'kubwera kudzatenganso za m'manja mwanga zija.

Mpunga wa tsiku limenelo sindikudziwa kukoma kwake. Manyazi anandigwira, ndinasowa poika nkhope. Alendo anadya, anathokoza, napangana tsiku lodzabweranso. Ukwati unapulumuka.

Atachoka, mnzanga sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangoti, "Mpunga uja unali wa lero lokha. Nyika zija ndizo zinali za mawa ndi mkuja."

M'mawa mwake ndinadzuka ndi cholinga chopepesa. Ndinakumana ndi bambo aja pabwalo, kabudula wong'ambika m'chiuno, thumba lopanda kanthu paphewa. Mawu onse ndinakonza aja anathawa.

"Mwagona bwino, mwananga? Udzudzu wa kuno sunakuvuteni?"

Ndinati ayi, sunandivute. Anagwedeza mutu mokondwa, n'kulowera njira ya kudambo.