Ndinkangoyankha Kuti Ayera

Ndine mayi wa mumpingo, wovala zoyera Lachinayi lililonse, ndipo kwathu kuno kufupi ndi Kasakula anthu amandidziwa kuti sindinama. Inenso ndinkadzitama nazo. Koma lero ndikuvomera pamaso panu, inu owerenga, kuti ndinazunza amuna anga osaona kwa miyezi isanu, ndipo m'miyezi yonseyo bodza silinatuluke pakamwa panga ngakhale kamodzi. Ndinawazunza ndi mawu oona.

Amuna angawo, bambo a Tadala, anatchona ku Joni zaka khumi ndi zisanu. Ankagwira ntchito ku Durban m'sitolo yogulitsa nsomba za m'nyanja yamchere, zija anthu olemera amaweta m'galasi kuti azingoziona, osati zandiwo. Ine kuno ndinalera ana atatu ndi khasu, m'munda wa fodya ndi wa soya. Mayi anga atamwalira, iwo sanabwere. Tadala, mwana wathu woyamba, atakwatiwa, anangoimba foni. Tsiku limene anatsika pa lole ya mnzawo, ndinkayembekezera malata kapena njinga yamoto. M'malo mwake anatsitsa mapanelo a sola, mabatire, matumba a mchere, ndi kabokosi kamene anakafungatira pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Maso awo anali atayamba kale kuchita nkhungu, ndipo ng'alayo ndi imene inawachotsetsa ntchito.

Pabalaza anaikapo thanki yagalasi yolowa ndowa zitatu za madzi, n'kuikamo za m'kabokosi muja. M'katimo munali tinsomba tiwiri tamizeremizere ndi zinthu zina zomera pamiyala, zina zanthambi, zina zofutukuka ngati bowa. Ine ndinati ndi miyala. Iwo anati ayi, ndi makorali, ndi amoyo, amadya, amakula, amadwalanso. Chilungamo chake, anali okongola. Getsi la buluu la pamwamba pa thankiyo likayaka, wina ankawala mobiriwira, wina mofiirira, wina mwachikasu, mpaka amayi a m'mudzi ankabwera kudzasuzumira pazenera. Wobiriwirayo ndiye anali wapamtima. Anandiuza kuti anamulera zaka zisanu ndi zinayi kuchokera pa kachidutswa kofanana ndi chikhadabo, ndipo kuti akatseka sitolo ankamulankhula Chichewa chifukwa kunalibe wina womumva. Iwo ankaganiza kuti ndiwamvera chisoni. Ine ndinangowerenga m'mtima kuti zaka zimenezo Tadala ankapita ku sukulu wopanda nsapato.

Chaka chisanathe, maso anatsekeka onse awiri. Ankangozindikira kuti uku kuli kuwala, uku kuli mdima. Ntchito yonse ya thankiyo inagwera ine, ndipo anandiphunzitsa ngati mwana wa sitandade wani. Getsi liziyaka maola asanu ndi atatu, osapitirira. Madzi akatsika pa mzere, ndiwonjezere amvula osefa, opanda mchere, chifukwa mchere suuluka ndi dzuwa. Loweruka lililonse ndichotse theka la ndowa ndi kuthiramo ena osakaniza ndi mchere wawo wa ku Joni, osati wathu wa m'khitchini. M'manja musakhale sopo kapena mafuta. Makoraliwo osawakhudza, ngakhale iwo eni sankawakhudza. Makorali akada ngati fodya wouma ndiye kuti madzi aipa kapena tadyetsa nsomba mopitiriza, koma akayera mbuu ndiye kuti afa, chatsala ndi mafupa. Lamulo lalikulu linali la chibangili changa chamkuwa, chimene ndinkavala chifukwa cha nyamakazi. Ankati ndizichivula ndisanapise dzanja, popeza mkuwa ndi poizoni kwa makorali ngakhale nsomba sizimva kanthu.

M'mawa uliwonse ankakhala pampando patsogolo pa thankiyo n'kufunsa za madzi. Funso lawo linali lalifupi: “Ayera?” Ine ndinkati, “Ayera.” Kenako ankafunsa za mitundu, ine n'kumawauza. Sanandifunsepo kuti m'chaka cha njala ndinkawadyetsa chiyani ana. Chakukhosi chinandikulira, koma m'malo mochilavula ndinkangochimeza, uku ndikuimba nyimbo za Mulungu potunga madzi awo.

M'mwezi wa Disembala ndinagwa ndi malungo. Masiku atatu ndinali chigonere, mutu ukung'amba, osalawa kanthu. Tsiku lachitatu ndinamva akupapasa khoma kubwera kuchipinda. Mtima wanga unatsika, ndinati tsopano akudzandizonda. Anaima pakhomo n'kufunsa ngati ndingathe kudzuka pang'ono, chifukwa pampu ya m'thanki ikumveka ngati madzi atsika. Ndinadzuka. Ndinawonjezera madziwo. Kenako ndinavula chibangili chija, osachiika patebulo monga mwa masiku onse, koma ndinachilowetsa m'madzi n'kuchikankhira kuseri kwa mwala waukulu. Iwo anali pomwepo, pampando, ndipo anandithokoza.

Pasanathe masiku anayi makorali anayamba kufota. Mnofu wawo unkasupuka n'kumayandama. Fungo litawafika, anafunsa kuti chikununkha n'chiyani. Ndinati madzi akufuna kusintha, ndipo zinalidi choncho. Ndinasintha ndowa yonse, iwo n'kunena kuti Mulungu anawapatsa mkazi. Patatha masabata awiri, m'thanki monse munali mbuu, ngati ufa woyera. Tinsomba tija tinkangosambira, pampu ikulira bwinobwino, getsi likuyaka pa nthawi yake.

M'mawa mwake anafunsa monga kale. “Ayera?”

Ndinayang'ana mafupa aja n'kuyankha kuti, “Ayera.”

Inu owerenga, Chichewa chathuchi mukuchidziwa. Madzi ayera, makorali ayera, mawu ake ndi amodzi. Iwo ankafunsa za madzi, ine ndinkayankha za mitembo, ndipo m'mtima mwanga munkakoma ngati ndamwa thobwa. Akafunsa za wobiriwira uja, ndinkati ali pomwe munamusiya. Akafunsa ngati wakula, ndinkati mudzaona nokha, podziwa kuti sadzaona. Ndere zikayamba kumera pamafupawo, ndinkazichotsa ndi mswachi kuti mawu anga akhalebe oona. Anzanga a mumpingo akabwera ankasirira kuti zayera bwino kuposa kale, amuna anga n'kumamwetulira, kumawafotokozera kuti chinsinsi chake ndi madzi abwino ndi mkazi wosamala. Ndinkawayang'ana akulankhula monong'ona ndi mwala wakufa, akuulimbikitsa kuti uphuke nthambi ina yoti adzadulire mdzukulu wawo. Nthawi zina ndinkatuluka panja kukaseka.

Mvula ya chaka chimenecho inadula misewu, choncho Tadala, amene amaphunzitsa ku Madisi, sanabwere mpaka dzinja linatha. Akanabwera akanaona, chifukwa mitundu yake ankaidziwa. Mu Meyi anaimba foni mosangalala. Anati madokotala a maso akubwera ku boma, ndipo dzina la bambo ake walembetsa kale. Ng'ala imachotsedwa, diso limodzi kaye, linalo pakapita miyezi.

Apa ndi pamene pali tchimo limene limandilemera kuposa la chibangili. Ndinagwada n'kupemphera kuti opaleshoniyo isatheke. Mayi wovala zoyera, kupempha Mulungu kuti bambo wa ana ake akhalebe mumdima. Chibangili ndinachivuula, chitachita ndere zobiriwira, ndinachikwecha ndi phulusa n'kuchibwezera pamkono. Za kuulula ndinaziganiza, koma ndinkangoti mawa.

Mulungu sanamve pemphero langa. Atawamasula bandeji tsiku lachiwiri, anaona. Anamuzindikira Tadala, analira, namwino n'kuwaletsa kuti misozi iwononga ntchito. Tadala anabwerera ku Madisi chifukwa cha sukulu, ife tinakwera minibasi. M'njira ankatchula chilichonse ngati mwana, mapiri, zigafa za fodya, mbuzi. Kenako anatembenuka n'kuyang'anitsitsa manja anga, ming'alu yake ndi zikhadabo zothothoka. Anawagwira anthu akuona, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane.

“Mayi a Tadala, manja awa ndawamaliza ndine,” anatero. “Ndinakusiyani ndi ana, ndabwera ndi khungu, inu mwandibwezera zabwino. Mumdima muja ndinkaganiza kwambiri. Mundikhululukire.”

Mawu amene ndinawadikira zaka khumi ndi zisanu anabwera tili pa minibasi, kutatsala mtunda wochepa kuti tifike kunyumba. Ndikanatha kunena pomwepo, koma ndinangoyang'ana pazenera.

Titafika sanafune n'kukhala pansi komwe. Analunjika pabalaza, ine ndili pambuyo. Anaima patsogolo pa thankiyo nthawi yaitali. Anatseka diso n'kulitsegulanso, poganiza kuti mwina ndi diso likuwanamiza. Anawerama, anayang'ana mbali iyi ndi iyo. Kenako anapisa dzanja, kuswa lamulo lawo lomwe, n'kugwira uja anali wobiriwira. Nthambi yake inathyoka ngati choko.

Anafunsa mofatsa kuti zinachitika liti. Ndinati mu Disembala. Anati nanga bwanji sindinawauze. Ndipo ine, pofuna kudziteteza, ndinayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati ndinkakuuzani tsiku lililonse kuti ayera.

Anagwedeza mutu. “Zoona. Simunaname.”

Anayang'ana nsomba zikusambira, n'kunena ngati akudzilankhula kuti makorali akafa onse pamodzi nsomba zili moyo, chimakhala chinthu chimodzi chokha. Diso lija linatsikira pamkono panga. Sanandifunse, koma ndinaulula zonse, za malungo, za mswachi, ndi za pemphero lomwe. Ndinkafuna akalipe, andimenye kapena aswe galasilo, kuti nanenso ndipeze ponenera zanga. Sanachite chilichonse mwa izi. Anazimitsa getsi la buluu n'kukakhala pakhonde.

Ankhoswe anabwera, anakamba tsiku lonse. Ankhoswe anga anayesetsa, anati ndi miyala chabe, banja silitha chifukwa cha miyala, ndiponso mkaziyu anavutika yekha zaka zambiri. Amuna anga anavomera kuti anandilakwira kwambiri, ndipo anati ndikanaphwanya thankiyo ndi mpini iwo akumva, akanati iwo alipira mlandu wawo. Chimene sakanatha n'kudyanso chakudya cholandira m'manja mwa munthu amene ankawaonerera akucheza ndi mafupa miyezi isanu. Sabata yomweyo ananyamula zovala ndi tinsomba tawo m'chigubu, n'kupita kwa mlongo wawo ku mapiri a ku Dowa. Tsiku la diso lachiwiri litakwana, anakana kupita. Anauza Tadala kuti limodzi lawaonetsa zokwanira. Mwana wangayo amandipatsabe moni, koma ana ake sawatumizanso kwa ine patchuthi.

Papita zaka ziwiri. Diso lija linachitidwa opaleshoni layambanso kufooka chifukwa cha matenda a shuga, ndipo tsopano akubwerera mumdima. Mwezi watha ndinalimba mtima kukawaona, nditanyamula nkhuku ndi mtedza. Ndinawapeza pakhonde, mlamu wanga akusenda nandolo pambali pawo. Anandilandira mwaulemu ngati mlendo wochokera kumpingo wina. Posowa chonena, ndinawauza kuti mvula yagwa bwino, mapiri onse abiriwira mpaka kwathu. Zinali zoona, aliyense akanatha kuona. Iwo anatembenuzira nkhope kwa mlongo wawo.

“Achemwali, n'zoona?”

Mlamu wanga anati n'zoona, ndipo apo m'pamene anagwedeza mutu.

Inu owerenga, makamaka inu amene mukusamala munthu wodalira maso anu, makutu anu kapena miyendo yanu, ndimvereni. Ngati anakulakwirani, muuzeni akadali pampando pomwepo. Kalipani, itanani ankhoswe, ngakhale kuchoka chokani. Chakukhosi chomeza sichigayika, chimakusandutsani mfiti masanasana. Ndipo musadzinamize ngati ine kuti poti mawu anu ndi oona ndiye kuti manja anu ndi oyera. Ine ndinali ndi mlandu wabwino, woti mudzi wonse ukanandiikira kumbuyo, koma ndinasankha kuuweruza ndekha pa munthu wosaona. Lero ndikhoza kunena kuti dzuwa latuluka, bambo wa ana anga n'kuyamba wafunsa kaye kwa wina.