Siketi Yakuda ya Pachithunzi

Pepalalo ndikadali nalo. Limakhala pansi penipeni pa bokosi langa lachitsulo, kunsi kwa matewera a mwana, ndipo ndimalitulutsa pokhapokha bambo akunyumba akapita kunyanja, chitseko nditatseka. Lapindidwa kambirimbiri mpaka pakati layamba kung'ambika, koma mukalinunkhiza fungo la palafini lilipobe. Pali chithunzi cha akazi othamanga, onse ali m'malere, akudumpha timipanda toyera tofika cha m'chiuno, kukamwa kuli yasa, tsitsi likuuluka. Kumbuyo kwawo anthu adzaza bwalo lalitali ngati phiri. Mayina sinditchula, ngakhale limodzi. Masiku ano sudziwa amene angawerenge, ndipo ine ndili ndi ana awiri, wina akuyamwa.

Analibweretsa ndi amjomba, alongo awo a amayi, amene ankaphika m'sitima ya panyanja. Mzungu wina anasiya magazini pampando potsika, iwo n'kung'ambapo tsamba limodzi kuti akulungire sopo wa amayi. Inali nyengo yozizira, mpunga titamweta kale, mwera ukuwomba kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa. Ine ndinali Sitandade 2, achemwali anga Sitandade 7. Sopo amayi anamusunga, ife tinalimbirana pepala.

Amjomba ankatha kuwerenga Chingerezi pang'ono, ndiye anatiuza kuti amenewa ndi akatswiri a dziko lonse lapansi. Akuti dziko lililonse limatumiza mkazi wake waliwiro kuposa onse, n'kukakumana bwalo limodzi kutsidya la nyanja zazikulu. "Mfuti ikalira," anatero, "usanameze malovu, atha kale." Achemwali anafunsa kuti nanga wathu ali pati. Amjomba anaseka n'kuti, "Wathu akadali kuno, akusenda chinangwa. Si iweyo?"

Koma chimene tonse tinaona n'chakuti mkazi aliyense pachithunzipo anali ndi siketi yakuda bii, kuyambira m'chiuno mpaka kupitirira bondo, yowongoka, yopanda makwinya. Amayi analoza ndi chala n'kunena kuti, "Mwaona? Ngakhale akunja amadzilemekeza." Amjomba anangoweramira m'kapu mwawo, kumauzira tiyi wozizira kale. Ndikukumbuka zimenezo chifukwa ine kuyambira ndili mwana maso anga sakhala pamodzi, ndimaona ngakhale zimene sanandionetse.

Nthawi imeneyo, monganso lero, bondo la mkazi silinkaoneka poyera. Anyamata a malaya ofiira ankaima pamsika ndi pokwerera basi, maso ali pa mipendero ya madiresi. Mayi wina wa ku Bua wogulitsa nsomba anamumasula mpendero ndi lezala anthu akuona, mwamuna wake n'kuitanidwa kukayankha, ndipo atabwerako anasiya kucheza pamsika. Ndinadzamva nditakula kuti mwina pamasewera lamulo linkalola. Kaya. Ndani akanapita kukafunsa? Kwathunso tinali a kumzikiti, ndiye maso anali pawiri.

Achemwali anali ndi liwiro lodabwitsa. Mbuzi ikaba chinangwa choyanika, ankaipeza isanafike kumseu. Pepala lija anapita nalo kusukulu kukaonetsa aphunzitsi, mayi wachitsikana amene anali atangobwera kumene kuchokera ku koleji. Akuti aphunzitsi analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulipinda, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Usamayende nalo ili." Koma sabata yotsatira anadulitsa nsungwi ndi bango, anamanga timipanda ndi luzi, n'kulengeza kuti pa tsiku lokumana masukulu, atsikana adzathamanga liwiro lodumpha timipanda. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti nawonso anali ndi njala yawo imene sankaitchula.

Kaphunzitsidwe kawo kanali ka manja okha. Ankaima chilili, chitenje chili mpaka m'mapazi, dzanja limodzi kulitambasula kutsogolo, linalo kulipinda cham'mbali ngati phiko la nkhuku. "Usalumphe ngati mbuzi pa ngalande. Wakutsogolo uwongoke, wakumbuyo ubwere cham'mbali." Mwendo wawo sanaukwezepo ngakhale tsiku limodzi. Atsikana ankangoyang'anizana, kenako n'kulumpha ndi mapazi onse awiri, atagwira diresi.

Amayi, poona kuti achemwali aikapo mtima, anatenga biriwita yawo yakale, nsalu yakuda ija, anaidula n'kusoka ndi manja siketi yofanana ndendende ndi ya pachithunzi. Anayala pepala pamphasa kumayerekeza. Yowongoka, yothina, yopitirira bondo. Anaisita ndi simbi ya makala n'kunena kuti, "Tsopano wafanana nawo anzakowo."

Madzulo aliwonse tikaweruka ku madrasa tinkapita kudambo louma kuseri kwa minda ya mpunga, kumene nthaka inali gwa ndipo anthu sankadutsako kawirikawiri. Timipanda tathu tinali ta bango. Ntchito yanga inali yodzutsa takugwa, ndipo ntchitoyo inandichulukira. Achemwali akathamanga n'kufika pa kampanda, siketi inkagwira bondo ngati munthu wawakoka kumbuyo, ndiye phii pansi. Bango likasweka limacheka ngati lezala. Miyendo yawo inadzaza zilonda, amayi kumatsuka ndi madzi ofunda a mchere, achemwali ataluma mano. Sankalira ndi ululu, ankalira ndi mkwiyo. "Nanga awowo akutha bwanji? Miyendo yawo ndi yamtundu wina?"

Tsiku lina masana tili kuseri kwa khitchini, achemwali anali atagwira pepala lija, chala chachikulu chili pa siketi ya mkazi wapatsogolo, wakuda ngati ife. Pochotsa chala, chinali chakuda. Anandiyang'ana. Anapaka malovu n'kutikita, kudako kunayamba kusuntha. Anandituma kansanza, tinakanyika mu palafini wa m'koloboyi, ndiye anapukuta pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda.

Kunalibe siketi. Inali inki, munthu anachita kupaka ndi dzanja pepalalo lisanaloledwe kugulitsidwa. Kunsi kwake kunali kakabudula kakafupi, ntchafu yonse pamtunda, mnofu wake wolimba ngati mkono wa mpalasi wa bwato. Mwendo wakutsogolo unali wowongoka ngati munsi, ndipo bondo lakumbuyo linali litakwera cham'mbali, pafupifupi kufika m'khwapa. Ine ndinaphulika kuseka, manyazi atandigwira. Achemwali sanaseke. Anaimirira, anagwira khoma la khitchini, anakweza siketi yawo, n'kunyamula bondo cham'mbali, kamodzi, kawiri, nkhope yawo ili ngati ya munthu amene wapeza njira atasochera nthawi yaitali.

Amayi anatipeza choncho. Anayang'ana pepala, anayang'ana achemwali, kenako anasuzumira pamwamba pa mpanda mbali iyi ndi iyo. Pepala analilanda n'kulipisa pachifuwa. "Amene anapaka inkiyi sankasewera," anatero. "Simunaone kanthu. Mwamva?" Amjomba atabweranso ndi sitima ndinawamva amayi akuwafunsa kuti, "Achimwene, inu mumadziwa, eti? N'kundisiya ndikusoka nsalu yanga?" Amjomba anangoti, "Ndikanati chiyani, chemwali? Pakamwa pangapa ndi pomwe ndimadyera."

Kuyambira pamenepo kudambo kunasintha. Achemwali ankapisira siketi m'kabudula wamkati, ine n'kukwera pachulu kukhala mlonda. Munthu akamabwera ndinkaimba nyimbo ya kusukulu, iwo n'kutsitsa msanga. Poti maso anga anali kunjira, kuthamangako ndinkakumva ndi makutu. Mapazi ankati pha pha pha, kenako zii, kenakonso pha pha pha, zii. Zii ameneyo ndiye anali achemwali ali m'mwamba. Timipanda tinasiya kugwa. Amayi tsiku lina akupeta mpunga anayang'ana miyendo ya achemwali n'kunena kuti, "Zilonda zapola msanga."

Tsiku lokumana masukulu linafika, mwera uli pakati, fumbi likuzungulira m'bwalo. Kunabwera ana ochokera kutali, ena pa lole, ena wapansi. Akuluakulu anakhala m'chisakasa cha udzu, ndipo tisanayambe tinaimba ndi kuvina zotamanda monga mwa masiku onse. M'mbali mwa chingwe munaima anyamata a malaya ofiira. Mmodzi wamtali, wa chipewa chopendekeka, ankadya nzimbe n'kumalavulira makoko pafupi ndi mapazi a ana.

Amayi sankabwera ku zochitika za kusukulu, koma tsiku limenelo anabwera. Anavala zitenje ziwiri, china m'chiuno, china paphewa. Sanakhale kwa amayi anzawo pamthunzi. Anakaima okha padzuwa, kumathero kwa bwalo, pafupi ndi ana awiri ogwira ulusi womalizira. Nditawayandikira anandikankha pang'ono osandiyang'ana.

Atsikana anafola, achemwali ali pakati ndi siketi yawo yakuda yofika kunsi kwa bondo. Kunalibe mfuti, aphunzitsi anali ndi wezulo. Italira, achemwali podzuka pomwepo anakweza siketi ndi manja onse awiri, kuipisira m'chiuno, basi anapita.

Ine ndinali ndisanawaonepo bwinobwino akudumpha mwatsopanomo, paja ndinali mlonda. Tsiku limenelo ndinawaona. Mutu wawo sunkakwera kapena kutsika, unkangoyenda ngati pa chingwe, miyendo yokha ndi imene inkadziwa kuti pali timipanda. Anzawo anali akulimbana ndi kampanda kachiwiri, wina atakodwa m'diresi, iwo ali kale pakati pa bwalo. Anthu anayamba ali chete ngati pa maliro, kenako bwalo lonse linasefukira, ena kuseka, ena kukuwa, amayi ena nthungululu, ena atagwira pakamwa. Ine maso anga anathawira kwa wa nzimbe uja. Anali atasiya kutafuna. Nzimbe anapatsira mnzake n'kuyamba kuyenda kulowera kumathero, osafulumira.

Achemwali atangodutsa kampanda komaliza, amayi anatambasula chitenje cha paphewa chija ndi manja awiri. Ulusi sindikudziwa ngati unaduka, chimene ndinaona n'chakuti achemwali anathamangira m'chitenjemo, amayi n'kuwakulunga kuyambira m'chifuwa mpaka m'mapazi. Kenako mbama. Inamveka mpaka kuchisakasa.

"Mwana wopanda mwambo iwe! Wandivula pagulu! Ndinakusokera siketi kuti uzichita nayo zimenezi? Tiye kunyumba ukandione!"

Amayi anga sankakweza mawu chikhalire, koma apa ankakuwa ngati ali pamsika wa nsomba, atagwira achemwali khutu. Wa malaya ofiira uja atafika anangoyamba kuti, "Mayi, mwana wanuyu," amayi anali atagwada kale m'fumbi. "Bambo, musadzivutitse, ameneyu ndithana naye ndekha. Lero aona chimene sanachione." Mnyamatayo anali wamng'ono kwa amayi, woti akanatha kumubereka. Anayang'ana tsaya la achemwali, anayang'ana anthu, n'kuseka. "Mukamulange ndithu," anatero, n'kubwerera ku nzimbe yake.

Njira yonse amayi ankakalipa, ine ndikulira pambuyo. Titapitirira nyumba zomaliza n'kufika pa mitengo ya mango, mawu anangoduka. Anakhala pansi pa muzu. Anapuma nthawi yaitali. Kenako osadzutsa mutu anafunsa achemwali motsitsa kuti, "Kumwambako kumamveka bwanji?" Achemwali, tsaya litatupa, anayankha kuti, "Sikumveka kanthu, amayi. Kuli zii." Amayi anagwedeza mutu, tinadzuka n'kumapita.

Palibe amene anabwera kwathu kudzafunsa, ndipo bambo athu sanaitanidwe kulikonse. Aphunzitsi anatumiza mawu kuti achemwali asankhidwa kukathamanga ku boma, amayi anayankha kuti mwana akudwala malungo. Timipanda ta kusukulu tinathera pa moto wophikira phala. Achemwali sanathamangenso. Pano ali ku Dwangwa ndi ana awo, ananenepa, ndipo ndikawakumbutsa amangoseka n'kuti ndisiye zakale. Pepala lija amayi anadzandipatsa ine pokwatiwa, atakulungiramo sopo.

Dzulo mwana wanga wamkulu, amene sanayambe n'komwe sukulu, anagoneka munsi pa zitini ziwiri pabwalo, anakweza kadiresi kake n'kudumpha, bondo lili cham'mbali, popanda womuphunzitsa. Ndinazindikira kuti ndasuzumira kale pamwamba pa mpanda, mbali iyi ndi iyo, ndipo chitenje chobereka nacho khanda ndachimasula, chili m'manja. Koma sindinamuitane. Ndinadikira kuti adumphenso.

Tsiku la mpikisano lija ine ndinakana kudya, ndipo kwa masiku ambiri sindinkafuna kukhala pafupi ndi amayi. Ndinkangoona dzanja limene linamenya achemwali atapambana. Sindinadzifunse kuti munthu wopita kukaonera masewera padzuwa atengeranji chitenje chachiwiri. Amayi anadziwa kuyambira tsiku limene zilonda zinapola. Akanatha kutseka chitseko m'mawa umenewo, akanatha kunena za malungo mpikisano usanachitike, akanathanso kulowa m'bwalo pa kampanda koyamba. Anaima padzuwa paja chitenje chili paphewa, akumuona mnyamata uja akubwera, ndipo sanasunthe mpaka mwana wawo atadumpha komaliza.