Tsiku Limene Ndinayankha m'Chichewa pa Boti

Zaka zitatu ndinagwira ntchito pa boti lonyamula alendo ku Durban. Linali la mtundu uja amati katamarani, looneka ngati mabwato awiri aatali omwe awamangira kanyumba pamwamba. Mwini wake anali mzungu wa ku Hillcrest amene ndinkamusamalira maluwa, ndipo anandisamutsira kumeneko atamva kuti ndine Mmalawi. Iye ankaganiza kuti tonse tinakulira m'madzi. Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, koma ndinangovomera.

Anthu ankalichita hayala lonse, kaya banja limodzi kaya a ofesi imodzi, n'kutuluka padoko kukazungulira kuseri kwa phiri la Bluff kumene mafunde amamenya miyala. Iwo ankajambula zithunzi. Ine ndinkakoka zingwe, kutsegula mabotolo ndi kuthamangira ndi ndowa aliyense amene wayamba kusanza. Nyengo ikakhala bwino tinkapita maulendo atatu. Poweruka zikhatho zinkanyerenyetsa ndi mchere, ndipo ngakhale nditakhala mu takisi ndinkamvabe ngati pansi pakugwedezeka.

Pabotipo ndinkalankhula Chizulu ndi Chingerezi basi. Woyendetsa boti anali bambo wachizulu wosakonda zolankhulalankhula. Sanandifunsepo kwathu, inenso sindinawauze. Masiku amenewo munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanayankhe foni yochokera kumudzi, chifukwa ife obwera ankatichita chiwembu akatizindikira.

Loweruka lina, nyengo ya anamgumi, kunabwera bambo wina wovala bwino ndi mkazi wake, ana awiri ndi mayi ake okalamba. Akukwera ndinamva mayiwo akudandaula m'Chichewa kuti thabwa lokwererapo likuterera. Koma ine ndinawalonjera m'Chingerezi monga ndinkachitira ndi aliyense.

Titangotuluka padoko mafunde anakula. Onse anathamangira kutsogolo kukaona anamgumi, kusiya mayi aja okha kumbuyo atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Ndinawaikira ndowa pamiyendo. Atasanza kawiri anadzipukuta ndi chitenje n'kunong'ona okha.

"Ambuye, ndinalakwanji ine kuti andibweretse pano?"

Mawu anangotuluka ndisanaganize. "Musayang'ane madziwa, amayi. Yang'anani kumtunda uko, kuli nyumba zitalizitali."

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Iwe! Ndiwe wakwathu? Kwanu n'kuti?"

Anafunsa mokweza, woyendetsa boti ali chapafupi pomwepo. Ndinayankha chapansipansi kuti ku Dedza.

"Unapitako liti?"

"Papita zaka zisanu ndi chimodzi."

"Mayi ako alipo?"

"Anatisiya chaka chatha. Kumaliro sindinapite, mapepala anga anali asanatuluke."

Sananene kuti pepa. Anangondikokera pampando kuti ndikhale, chinthu chimene wantchito sankaloledwa, ndipo sanandisiye dzanja mpaka boti linatembenuka. Nseru ikawaleka ankandiuza za kwawo ku Ntcheu, kuti mbatata chaka chimenecho sinachite bwino, kuti msewu wa kwathu anaukonza. Ine ndinkangoti eya, eya.

Mwana wawo atabwera kudzawaona, mayiwo anamuuza mosangalala kuti apeza m'bale. Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana woyendetsa boti, kenaka anangopereka moni wachidule wa kumeneko, "Sharp, bra," n'kubwerera kutsogolo. Sindinamuimbe mlandu. Nayenso amakhala mumzinda womwewu.

Potsika, mayi aja anapisa m'chikwama n'kundipatsa kajumbo ka mtedza wokazinga umene anabwera nawo kuchokera kumudzi. "Ukapeza mpata ukaone manda, mwanangu," anatero. Ndinawathandiza kuwoloka thabwa, ndipo sindinawaonenso.

Nditatsala ndi woyendetsa boti ndinayamba kukulunga zingwe nditazolika, kudikira kuti anena chiyani. Anayatsa fodya, n'kundiuza m'Chizulu kuti anadziwa kuyambira sabata yanga yoyamba, chifukwa palibe Mzulu amene amatchula mawu momwe ndimatchulira ine. Anatambasula dzanja, ndinawathirira mtedza pang'ono.

"Tsuka kumbuyoko," anatero akutafuna. "Ena akubwera thu koloko."

Anali anyamata khumi ndi awiri okondwerera mnzawo amene ankakwatira, atanyamula sipika yaikulu ndi mabokosi a mowa. Ndinawamwetulira, n'kuyamba kuwaveka majekete oyandamitsa mmodzimmodzi.